Ufa wotsukira mano umapepuza chikwama, nanga mano umawateteza?

Pabwalo la ndege lililonse lalikulu, pamalo paja apaulendo amavula malamba ndi kukhuthula za m'matumba, pamakhala bini yomwe imadzadza tsiku lisanathe. Mumagwa mabotolo a madzi, mafuta odzola, perefyumu wodula, uchi womwe wina amati akapatse mlongo wake ku Leeds, ndiponso machubu a mankhwala otsukira mano. Mwini chubu amayesa kuchonderera: "Bwana, taonani, ndafinya kale theka lonse." Wachitetezo sasunthika, ndipo sakulakwa. Lamulo limayang'ana kukula kwa chubu, osati zomwe zatsalamo. Chubu cholembedwa 150 ml chimatsala pomwepo ngakhale mutatsala kotsukira kamodzi kokha.

Lamuloli linabadwa mu Ogasiti 2006, apolisi a ku Britain atagwira anthu omwe ankakonza zophulitsa ndege zochoka ku London kupita ku America ndi Canada pogwiritsa ntchito mabomba amadzimadzi obisidwa m'mabotolo a zakumwa. Masiku oyambirira zamadzimadzi zonse zinaletsedwa m'chikwama cham'manja. Pofika Novembala chaka chomwecho mayiko a ku Ulaya anakhazikitsa muyezo womwe tikuudziwa lero: chotengera chilichonse chisapitirire 100 ml, ndipo zonse zikwane m'kajumbo koonekera ka lita imodzi. Mayiko ambiri anatsatira. Mankhwala otsukira mano si madzi enieni, koma amawerengedwa m'gulu lomwelo limodzi ndi chilichonse chopakika kapena chofinyika. Mabwalo ena a ku Ulaya omwe ali ndi makina atsopano ounikira katundu ayamba kufewetsa lamuloli, koma munthu amene wanyamuka pa Kamuzu International Airport n'kukasintha ndege ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg sangayende modalira kuti paliponse akamumvera chisoni.

Mpata umenewu ndi umene ogulitsa ufa wotsukira mano aupezerapo. M'masitolo a ku Ulaya ndi America, komanso pa intaneti, mwadzaza titini ting'onoting'ono ta ufa woyera, wotuwa kapena wakuda bii, tolembedwa kuti ndi wachilengedwe, ulibe makemikolo, sudontha, ndipo wachitetezo sangaulande. Zina mwa zimenezi ndi zoona ndithu. Zina zikufunika kuzipeta.

Ufa ndi wakale kuposa chubu

Amene akuuona ufawu ngati chinthu chatsopano angadabwe kumva kuti chatsopano ndi chubucho. Aigupto akale ankatsuka mano ndi phulusa la ziboda za ng'ombe, zigoba za mazira zowotcha ndi miyala yosinja. Aroma ankasinja mafupa ndi zigoba za nkhono. Ku Britain m'zaka za m'ma 1800 anthu ankagula ufa wa choko, mchere, makala, ngakhale njerwa zopera. Kampani ya Colgate inayamba kugulitsa mankhwala aphalaphala m'timitsuko mu 1873, n'kuyamba kuwaika m'machubu mu 1896, koma ufa unakhalabe m'makomo ambiri a ku America ndi Ulaya mpaka itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ku India sunachoke n'komwe. Mpaka lero anthu ambiri kumeneko amathira ufa pachikhatho n'kumapaka m'mano ndi chala, ndipo Colgate yemweyo amagulitsako ufa wa m'chitini.

Kwathu kuno sitikusowa wotiphunzitsa. Ambiri tinakula tikuona akuluakulu akusinja khala, kulisakaniza ndi kamchere, n'kukwecha nalo mano kuseri kwa nyumba m'mamawa. Ena ankatapa phulusa pamoto, ena n'kuthyola kamtengo n'kukatafuna kunsonga mpaka katafewa. Anthuwa sankatsata fasho. Ankagwiritsa ntchito chomwe chinalipo, ndipo m'midzi yambiri zikadali choncho chifukwa chubu chimalimbirana ndalama ndi mchere, sopo ndi chigayo. Kuti lero makala omwewo akugulitsidwa m'katini kokongola pa mtengo wa mapaundi ndi nkhani yoseketsa, koma yosasintha zomwe makala amachita akakumana ndi dzino.

Phindu la ufa paulendo ndi losavuta kulimvetsa. M'chubu muli madzi ochuluka, nthawi zina kuyandikira magawo awiri mwa asanu, kuphatikizapo zinthu monga glycerin ndi sorbitol zomwe ntchito yake ndi kuteteza mankhwalawo kuti asaume. Zotsalazo ndi ufa wokwechera, chochititsa thovu, chokometsera fungo ndi fluoride. Mukachotsa madzi ndi zofewetsazo, chotsala ndi ufa wopepuka, moti katini ka magalamu 30 kapena 50 kamatha kumufikitsa munthu patali. Ndege ikakwera, mpweya wa mkati mwake umapepuka kufanana ndi wa pamtunda wa mamita 1,800 mpaka 2,400, pafupifupi msinkhu wa pamwamba pa phiri la Zomba. Mpweya wotsekeredwa m'chubu umafufuma n'kukankha mankhwala kutulukira pachitseko chosamangitsa. Ufa suchita zimenezo.

Ndipo si a pandege okha. Amene anayendapo pa basi ya ku Joni, kudutsa pa Mwanza, kulowa m'ng'anjo ya ku Tete, kutulukira pa Nyamapanda mpaka kukaima pamzere wa ku Beitbridge, akudziwa momwe zikwama zimapanikizirana pansi pa basi. Chubu chikaphulikira pakati pa malaya oyera ndi mapepala a ntchito, munthu amafika ali wokwiya kale. Wokwera sitima ya Ilala kuchoka ku Monkey Bay kupita ku Likoma, kapena wokwera phiri la Mulanje amene amawerengera galamu iliyonse ya pamsana, nayenso angakondwere ndi katini kouma kosafinyika.

Ufa nawo uli ndi malamulo ake, ngakhale ndi otakasuka. Kuyambira pa 30 Juni 2018, ufa wopitirira 350 ml m'chikwama cham'manja pa ndege zopita ku America ukhoza kuunikidwa mwapadera, ndipo ngati sukudziwika bwino ukhoza kukanizidwa. Australia inaika muyezo wofanana pa ufa wosachokera ku zomera kapena nyama, monga mchere, mchenga ndi paudala wodzola. Katini ka mano kali kutali ndi muyezo umenewo. Chachikulu ndi chakuti ufawo ukhale m'chotengera chake cholembedwa dzina ndi zomwe zilimo. Ufa woyera womangidwa m'kapepala kopanda dzina ndi njira yachidule yopitira kuchipinda chofunsiramo mafunso, pabwalo la ndege ngakhalenso pachipata cha m'malire.

Chomwe chimasowa m'titini tambiri

Vuto lenileni lili apa. Ufa wambiri wotchedwa wachilengedwe ulibe fluoride, ndipo ogulitsa amalemba zimenezi m'zilembo zikuluzikulu ngati chinthu chonyadira.

Tiyambe ndi mmene dzino limabookera. Kunja kwa dzino kuli chikuto cholimba chotchedwa enamel, cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi. Pamwamba pake pamamera litsiro lomata momwe mumakhala mabakiteriya. Munthu akadya shuga, mabakiteriyawo nawo amadya, n'kutulutsa asidi yemwe amasungunula chikutocho pang'onopang'ono. Malovu amayesetsa kubwezeretsa mchere womwe wasungunukawo, ndipo kulimbana kumeneku kumachitika kangapo tsiku lililonse. Fluoride amathandiza mbali ya malovu: amafulumizitsa kubwezeretsako, ndipo malo okonzedwawo amalimba kuposa kale pokumana ndi asidi. Pamene mankhwala a Crest okhala ndi fluoride anafika m'masitolo a dziko lonse la America mu 1956, chubu chinasiya kukhala chokometsera mkamwa chabe n'kukhala choteteza. Mu 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride wa 1,000 mpaka 1,500 ppm pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Chaka chotsatira bungwe lomwelo linalengeza kuti anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a mkamwa, ndipo atatu mwa anayi alionse ali m'mayiko osauka ndi apakatikati.

Pali mfundo ina yomwe otsatsa malonda, a ufa ngakhale a chubu, sakonda kuitchula. Mu 2016 akatswiri a ku Amsterdam anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana n'kupeza kuti litsiro lomata lija limachoka mofanana kaya pamswachi pali mankhwala kapena palibe. Wochotsa litsiro ndi mswachi ndi dzanja lougwira. Thovu limangosangalatsa. Ntchito yaikulu ya mankhwala ndi kunyamula fluoride kumufikitsa padzino. Tsono ngati ufa ulibe fluoride, chomwe wogula walipira ndi fungo labwino ndi kupukuta zothimbirira za tiyi kapena fodya. Zimenezo si zoipa, koma si chitetezo.

Tisakokomeze. Dzino silibooka pa sabata imodzi. Bowo limatenga miyezi, kawirikawiri zaka. Munthu wa mano abwino amene wapita kumsonkhano wa masiku ochepa atatenga ufa wopanda fluoride sabwerako ndi magweru. Koma maulendo athu ambiri si a sabata. Wopita kukagwira ntchito ku Cape Town, wophunzira wopita ku Glasgow kapena ku Beijing, namwino wosamukira ku Manchester, amapita kwa zaka, ndipo chizolowezi chomwe wanyamuka nacho chimakhazikika. Komanso ulendo ndi nthawi yomwe mano amazunzika kwambiri. M'basi munthu amangodya mabisiketi, maswiti ndi zakumwa zotsekemera kuyambira m'mawa mpaka usiku. Madzi amamwa pang'ono poopa kuvutitsa dalaivala kuti aime. M'ndege mpweya ndi wouma, kukhosi kumauma, malovu amachepa. Shuga wachuluka, mtetezi wachepa, ndipo nthawi yomweyo ndi yomwe wina akuti fluoride atsale kunyumba.

Wina anganene kuti fluoride yemweyo ndi amene anawononga mano a anthu ena kwathu kuno, ndipo akunena zomwe waona. M'madera monga Nathenje ku Lilongwe ndi mbali zina za kuchigwa cha Shire, madzi a m'zitsime ndi mijigo ina ali ndi fluoride wopitirira muyezo wa WHO wa mamiligalamu 1.5 pa lita, ndipo ana okulira kumeneko amakhala ndi mano a mawanga oyera kapena ofiirira. Koma zimenezi zimachitika mwana akamameza fluoride wochuluka tsiku ndi tsiku pa nthawi yomwe mano akupangika mkati mwa nkhama, mpaka zaka pafupifupi 8. Munthu wamkulu amene akutsuka n'kulavula sangachite mawanga oterewa. N'chifukwa chake mwana wosakwana zaka 3 amapakiridwa mankhwala ochepa ngati kambewu ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati nsawawa imodzi, wamkulu ataima pomwepo. Ufa ndi wovuta kuyeza motere, ndipo mwana akhoza kuumeza kapena kutsamwa nawo. Kwa ana aang'ono, ine ndikuti ufa ayi.

Makala, phulusa ndi soda

Nkhani yachiwiri ndi ya kukhakhala. Chilichonse chotsukira mano chimakwecha, ndipo akatswiri ali ndi muyezo wake wotchedwa RDA, womwe suyenera kupitirira 250. Makampani akuluakulu amayezetsa. Wosakaniza ufa kukhitchini n'kumagulitsa pa Facebook sayezetsa, ndipo wogula alibe njira yodziwira.

Mayi akakwecha poto wakuda ndi phulusa kapena mchenga, potoyo amawala chifukwa kachikuto kena kachoka, ndipo poto wokwechedwa zaka zambiri amafika popyapyala mpaka kubooka. Dzino limachitanso chimodzimodzi, ndipo enamel akatha sameranso. Pansi pake pali mnofu wa dzino wachikasu ndi wofewerapo. Ndiye munthu amene wakhala akukwecha ndi makala kuti mano ayere amadzaona akuyamba chikasu, iye n'kuwonjezera mphamvu, osadziwa kuti akukulitsa vuto. Kenako dzino limayamba kulasa akamwa madzi ozizira kapena tiyi wotentha, makamaka m'mphepete mwa nkhama momwe chikuto ndi chopyapyala kale.

Makala ndi amene atchuka kwambiri. Mu 2017 magazini ya bungwe la madokotala a mano ku America inasindikiza kafukufuku wounika zomwe zinalembedwapo pa mankhwala a makala, ndipo sanapeze umboni wokwanira woti amayeretsa mano, amapha tizilombo kapena ndi osavulaza. Mu 2019 British Dental Journal inachenjezanso kuti ambiri mwa mankhwalawa alibe fluoride, akhoza kupala mano, ndipo tizidutswa takuda timakanirira m'mphepete mwa nkhama ndi m'malo omatidwa. Awatu ndi makala opera bwino a m'fakitale. Khala la pambaula losinjidwa pamwala ndi lokhakhala kuposa pamenepo. Phulusa lili ndi vuto lowonjezera: mphamvu yomwe imapangitsa chidulo kufewetsa masamba mumphika imathanso kupsereza nkhama.

Soda wophikira therere ndiye amene mbiri yake ndi yabwinoko. Ndi wofewa kwambiri, pa muyezo uja ali cha pa 7 pokha, amasungunuka m'malovu, ndipo amachepetsa asidi mkamwa. Munthu amene wafika kumalo achilendo usiku, chubu chaiwalika, akhoza kupempha kasoda kukhitchini n'kutsuka popanda nkhawa. Chofunika kupewa ndi malangizo ofala pa TikTok osakaniza soda ndi mandimu kapena viniga. Asidi wa ndimu amafewetsa chikuto cha dzino, mswachi n'kubwera kudzachikokolola.

Mawu oti "zachilengedwe" pawokha satsimikiza kanthu. Ufa wambiri wa masiku ano umakhala ndi dothi lotchedwa bentonite, ndipo dothi limatenga zomwe zili pamalo pomwe lakumbidwa. Mu 2016 bungwe loona za chakudya ndi mankhwala la FDA ku America linachenjeza anthu za mitundu iwiri ya dothi lotereli lomwe linapezeka ndi mtovu wochuluka. Ku India, fodya wowotcha wakhala akugwiritsidwa ntchito ngati ufa wa mano kwa nthawi yaitali, moti mu 1992 boma linaletsa kuika fodya m'mankhwala otsukira mano, koma kafukufuku wa pambuyo pake anapezabe nikotini mu ufa wina wa m'masitolo. Fodya nayenso ndi chomera.

Amene wasankha ufa

Sikuti ufa wonse ndi wotayira kudzala. Ulipo wokhala ndi fluoride, ndipo umenewo ndi wabwino kwa wapaulendo wamkulu. Tembenuzani katiniko muwerenge kumbuyo. Muyang'ane mawu oti sodium fluoride, sodium monofluorophosphate kapena stannous fluoride, ndi nambala ya pakati pa 1,000 ndi 1,500 ppm. Kulinso timapiritsi totsukira mano, tomwe ndi ufa womwewo woumbidwa: mumatafuna kamodzi, n'kutsuka ndi mswachi wonyowa. Timeneti tili ndi ubwino woti muyezo wake ndi wofanana tsiku lililonse, ngakhale natonso tilipo tokhala ndi fluoride ndi topanda. Ufa wina umakhala ndi hydroxyapatite, mchere womwe umapanga dzino lenilenilo, womwe ku Japan akhala akuuika m'mankhwala a mano kuyambira m'ma 1980. Zotsatira zake ndi zolimbikitsa, koma umboni wake sunafike pa wa fluoride.

Kagwiritsidwe ntchito kake kamafuna ukhondo woposa wa chubu. Musaviike mswachi wonyowa m'katini. Madzi ndi malovu zikalowamo, ufa umaundana ndipo tizilombo timapeza pokhala. Thirani pang'ono pachikhatho chosamba kapena pachivundikiro, n'kutapa pamenepo. Katini kamodzi kasayendere banja lonse. Tsukani kwa mphindi ziwiri, m'mawa ndi pogona, ndi mswachi wofewa, popanda kukanikiza. Ngati ufawo uli ndi fluoride, lavulani koma musachukuche ndi madzi ambiri, kuti atsalire pamano. Ndipo madzi onyowetsera mswachi akhale oti mukhoza kumwa. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kachilombo kake sikasankha kuti kalowa ndi kapu kapena ndi mswachi. Pamalo oima basi pomwe simukudziwa komwe madzi achokera, gwiritsani ntchito a m'botolo.

Kamtengo ka makolo kaja nakonso ndi mnzake wa wapaulendo, mwina kuposa ufa. Asilamu opita ku Makka amadziwa bwino miswak, muzu wa mtengo wa Salvadora persica, womwe sufuna madzi kapena mankhwala. Ku Mozambique amayi amatsuka ndi muzu wa mulala, ndipo ku India ndi kumadera otentha kwathu kuno nthambi ya nimu imagwira ntchito yomweyo. Kamtengo kogwiritsidwa ntchito bwino kamachotsa litsiro ndithu, ngakhale kamavutika kufika kuseri kwa mano a kumapeto. Wopita ku Australia kapena New Zealand akumbukire kuti mayikowa amafuna kuti chilichonse chochokera ku zomera chionetsedwe pofika, ndipo wobisa amalipitsidwa chindapusa.

Chifukwa chomwe nkhaniyi siyenera kutengedwa mwachibwana ndi kuchepa kwa thandizo dzino likawonongeka. Pamene maphunziro a udokotala wa mano ankayamba m'dziko muno mu 2019, pasukulu yomwe lero ndi Kamuzu University of Health Sciences mothandizana ndi University of Glasgow, madokotala a mano m'Malawi monse sankakwana 50. Zinthu zikusintha, koma kwa anthu ambiri dzino lobooka mathero ake akadali kuzula. Kunja nako si kwapafupi: mlendo wopanda inshulansi amalipira ndalama zambiri pa dzino limodzi, ndipo ngakhale ku Britain anthu amadikira nthawi yaitali kuti apeze dokotala wa mano wa boma.

Chigamulo changa ndi ichi. Ufa umathetsa vuto la chikwama, ndipo umalithetsa bwino. Pa ulendo waufupi, ufa wosalala wochokera kwa wopanga wodziwika ndi wokwanira kwa munthu wamkulu. Pa ulendo wa miyezi, kapena kwa amene mano ake amabooka kawirikawiri, ufa wopanda fluoride ndi kubwerera m'mbuyo, ndipo kachubu kakang'ono ka 50 ml kamagwira ntchito yabwino pa mtengo wotsika. Makala a pambaula ndi phulusa zisiyidwe ndi aliyense amene angakwanitse china. Ndipo inu amene dzino layamba kale kulasa kapena nkhama zikutuluka magazi, musadalire katini kapena chubu. Kaonaneni ndi a zamano kuchipatala musanagule tikiti.